KODI NAMBALA WANI NDANI? MMENE AMASANJIRA MATIMU A MPIRA WA M'MAKOLEJI KU AMERICA

Anzanga, ambiri a inu mumakonda mpira. Mukatsegula wailesi Loweruka kapena Lamlungu, mumafuna kumva kuti yapambana ndi timu iti. Kenaka mumafunsa kuti, "Nanga amene ali pamwamba tsopano ndani?" Funso limeneli kwathu kuno silivuta. Timu ikapambana imalandira mapointi 3. Zikafanana mphamvu, iliyonse imatenga pointi imodzi. Yogonja siilandira kanthu. Tikawonkhetsa mapointi, amene ali ndi ambiri ndiye ali pamwamba. Palibe kukangana.

Koma kuli dziko lina kumene funso lomwelo limautsa mkangano chaka ndi chaka. Dzikolo ndi America. Lero tiwerenga za mpira wa ana a sukulu a m'makoleji a kumeneko, ndi mmene anthu amasanjira matimu awo. Werengani mosafulumira. Muli manambala ambiri, koma musaope. Tiwatenga imodzi imodzi.

Mpira wake ndi wotani?

Choyamba, mpira umenewu si wamiyendo umene tikuudziwa ife. Mpira wake ndi wosongoka uku ndi uku, wooneka ngati dzira lalikulu. Amaugwira ndi manja, kuuponya ndi kuthamanga nawo. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 11. Osewera amavala zipewa zolimba ndi zotchinjiriza mapewa, chifukwa amagundana ndi kugwetsana kwambiri. Timu ikafika ndi mpira kumapeto kwa bwalo la anzawo imapeza mapointi 6. Ikaumenya ndi mwendo n'kudutsa pakati pa mitengo iwiri yaitali imapeza mapointi 3.

Masewera oyamba a makoleji adachitika m'chaka cha 1869, pakati pa sukulu ya Rutgers ndi ya Princeton. Kuyambira pamenepo masewerawa akhala akukula. Lero bwalo la yunivesite ya Michigan limalowa anthu opitirira 107,000. Taganizani: chikhamu chonsecho chikubwera kudzaonera ana a sukulu!

Nyengo ya mpirawu imayamba kumapeto kwa Ogasiti ndi kufika kumayambiriro kwa Disembala. Masewera ambiri amachitika Loweruka. Kenaka m'mwezi wa Disembala ndi wa Januwale mumakhala masewera akuluakulu otsekera chaka.

Vuto lagona pati?

M'gulu lapamwamba la mpira umenewu muli matimu opitirira 130. Koma timu iliyonse imasewera masewera 12 okha pa nyengo yonse, ndipo zina zochita bwino zimaonjezera amodzi olimbirana ukatswiri wa gulu lawo. Sangasewere kawirikawiri chifukwa thupi limapweteka, ndipo wosewera amafunika sabata yathunthu kuti apezenso mphamvu.

Tiyeni tiwerengere. Tiyerekeze kuti matimu alipo 130. Kuti timu imodzi ikumane ndi anzake onse, iyenera kusewera ka 129. Ikamasewera kamodzi pa sabata, ndiye kuti pakufunika masabata 129. Zimenezo ndi pafupifupi zaka ziwiri ndi theka. N'zosatheka.

Tsono matimuwa adagawidwa m'magulu. Magulu ena ndi amphamvu, monga SEC ndi Big Ten. Ena ndi ocheperako mphamvu. Timu imasewera kwambiri ndi anzake a m'gulu lake lomwelo. Motero matimu ambiri amatha chaka chonse osakumana.

Mphunzitsi aliyense amadziwa kuti kusanja ana m'kalasi n'kosavuta ngati onse alemba mayeso amodzi. Koma bwanji ngati mwana wina walemba mayeso ophweka n'kukhoza zonse, pamene mnzake walemba mayeso ovuta n'kulakwa funso limodzi? Nambala wani ndani pamenepa? Limeneli ndiye vuto la mpira wa m'makoleji ku America. Timu ina imapambana masewera onse 12 koma inkakumana ndi ofooka. Ina imagonja kamodzi koma inkalimbana ndi akadaulo okhaokha. Kuwonkhetsa kokha sikungatiuze zoona.

Njira yoyamba: kufunsa atolankhani

M'chaka cha 1936, bungwe lotola nkhani la Associated Press, limene mwachidule amati AP, lidayamba kufunsa olemba nkhani zamasewera sabata iliyonse kuti asanje matimu abwino koposa. Chaka chimenecho timu ya Minnesota ndi imene idathera pamwamba. Kale ankasanja matimu 20, ndipo zaka zina 10 okha. Kuyambira 1989 amasanja matimu 25.

Zimayenda motere. Atolankhani pafupifupi 60, ochokera m'zigawo zosiyanasiyana za dzikolo, amaonera masewera a Loweruka. Aliyense amalemba mndandanda wake, kuyambira nambala 1 mpaka nambala 25. Timu imene waiika pa nambala 1 imalandira mapointi 25. Ya pa nambala 2 imalandira 24. Ya pa nambala 3 imalandira 23. Zimatsika choncho mpaka ya pa nambala 25, imene imalandira pointi imodzi. Akawonkhetsa mapointi a atolankhani onse, mndandanda umatuluka Lamlungu.

Tengani pensulo, tiyese limodzi. Tingoyerekeza kuti atolankhani alipo atatu okha, ndipo matimu tiwatche Njovu, Mkango ndi Kambuku.

Mtolankhani woyamba waika Njovu pa nambala 1, Mkango pa 2, Kambuku pa 3.
Wachiwiri wachitanso chimodzimodzi.
Wachitatu waika Mkango pa nambala 1, Kambuku pa 2, koma Njovu waiika pa nambala 10. Pa nambala 10 pali mapointi 16.

Njovu: 25 + 25 + 16 = 66
Mkango: 24 + 24 + 25 = 73
Kambuku: 23 + 23 + 24 = 70

Mwaona? Anthu awiri mwa atatu adati Njovu ndiye nambala wani. Komabe Njovu yathera pa nambala 3, kamba ka munthu mmodzi amene adaiponya kutali. N'chifukwa chake amafunsa anthu ambiri, kuti maganizo a munthu mmodzi asapotoze zinthu. Paja mutu umodzi susenza denga. Ndiponso mndandanda wa mtolankhani aliyense amauonetsa poyera, kuti wokondera achite manyazi.

Njira yachiwiri: kufunsa aphunzitsi a matimu

M'chaka cha 1950 padayambanso mndandanda wina. Uwu amasanja ndi aphunzitsi a matimu, amene ena amawatcha makochi. Mwina munganene kuti, "Eya, amenewa ndiye eni ake a mpira, akuudziwa bwino." Zoonadi. Koma taganizani. Loweruka kochi amakhala ali pa bwalo ndi anyamata ake. Nanga masewera a anzake awaonera nthawi yanji? Ndiponso kochi ndi munthu. Timu imene yamugonjetsa angathe kuikweza kuti kugonja kwake kuoneke kochepa.

Pokhala ndi mindandanda iwiri, nthawi zina pankapezeka akatswiri awiri chaka chimodzi. Mu 1990 atolankhani adasankha Colorado, makochi adasankha Georgia Tech. Mu 1991 atolankhani adati Miami, makochi adati Washington. Mu 1997 atolankhani adati Michigan, makochi adati Nebraska. Matimu awiri a mu 1997 amenewa sadagonjeko ngakhale kamodzi.

Inu mufunsa kuti, "Bwanji osangowakumanitsa kuti ziziwike?" Chovuta chidali mapangano akale. Katswiri wa gulu la Big Ten, kumene kuli Michigan, ankayenera kukatsekera chaka pa masewera otchedwa Rose Bowl ku California. Nebraska idapita kwina. Choncho adalekana osayesana mphamvu, ndipo mpaka lero ochemerera a mbali ziwirizi amatsutsanabe.

Njira yachitatu: kufunsa kompyuta

Anthu adatopa ndi akatswiri awiriawiri. Mu 1998 adayambitsa dongosolo lotchedwa BCS. Cholinga chake chidali kupeza nambala 1 ndi nambala 2, ndi kuwakumanitsa pa masewera amodzi omaliza. Kuti awapeze, ankaphatikiza maganizo a anthu ndi masamu a makompyuta. Kompyuta iliibe timu imene imaikonda. Imangoona kuti wapambana ndani, ndipo amene wagonjayo ndi wamphamvu bwanji.

Koma kompyuta imachita zimene munthu waiuza. Poyamba makompyuta ena ankawerengeranso kukula kwa chipambano. Anthu adadandaula kuti zimenezi zikuchititsa matimu amphamvu kupitiriza kukhaulitsa ofooka ngakhale masewera atatha kale, pofuna kukondweretsa kompyuta. Mu 2002 adachotsa mbali imeneyi.

Chaka chotsatira, 2003, padabuka china. Atolankhani ndi makochi omwe adaika timu ya USC pa nambala 1. Koma masamu atatha, adasankhidwa kukasewera komaliza ndi Oklahoma ndi LSU. LSU idapambana n'kutenga chikho. USC nayo idapambana masewera ake otsekera chaka, ndipo atolankhani adaitcha katswiri. Akatswiri awiri kachiwirinso! Mu 2004 timu ya Auburn idapambana masewera ake onse, koma malo adali awiri okha, ndipo adaperekedwa kwa USC ndi Oklahoma, amenenso sadagonje. Auburn idangoonerera.

Njira yachinayi: komiti

Mu 2014 adasiya BCS ndi kuyambitsa mpikisano wa chipulula wotchedwa College Football Playoff. Wogonja amatuluka, wopambana amapitirira. Poyamba munkalowa matimu 4. Osankha matimuwa ndi komiti ya anthu pafupifupi 13. Mumakhala akuluakulu oyang'anira masewera m'mayunivesite, makochi opuma ntchito, osewera akale ndi anthu ena odziwika. Mayi Condoleezza Rice, amene adakhalapo nduna yoona za maiko akunja ku America, adali m'komiti yoyamba.

Komitiyi siyamba kusanja nyengo ikangoyamba ayi. Imadikira mpaka matimu atasewera pafupifupi miyezi iwiri. Ikatero imakumana sabata iliyonse ku Texas, n'kutulutsa mndandanda wake wa matimu 25 Lachiwiri. Mndandanda womaliza umatuluka Lamlungu lina kumayambiriro kwa Disembala. Akamakambirana za sukulu imene membala wina amalandirako malipiro, membalayo saloledwa kuivotera. Lamulo limeneli ndi labwino, pakuti munthu saweruza mlandu wa mwana wake.

Nazi zina zimene komiti imayang'ana:

1. Timu yapambana kangati, ndipo yagonja kangati?
2. Inkasewera ndi amphamvu kapena ofooka?
3. Ngati matimu awiri adakumana, adapambana ndani?
4. Ngati onse awiri adasewera ndi timu imodzimodzi, zidawathera bwanji?
5. Kodi pali wosewera wodalirika amene wavulala, woti sadzasewera nawo kutsogoloku?

Chaka choyamba chomwecho chidaphunzitsa anthu kanthu. Ohio State idalowa ili pa nambala 4, yomaliza. Koma idagonjetsa Alabama, imene idali nambala 1, kenaka idagonjetsa Oregon n'kutenga chikho mu Januwale 2015. Chikhala kuti malo adali awiri ngati kale, Ohio State sikadalowa n'komwe.

Nkhani ya Florida State

Tsopano imvani nkhani imene idagwedeza anthu mu 2023. Timu ya Florida State idasewera ka 13 ndipo idapambana konse. Idakhala katswiri wa gulu lake la ACC, limene ndi limodzi mwa magulu akuluakulu. Koma m'mwezi wa Novembala wosewera wawo wamkulu, Jordan Travis, adathyoka mwendo. Iyeyu ndiye ankatsogolera timu m'bwalo ndi kuponya mpira. Anzake adalimbikira, n'kupambana masewera awiri otsalawo popanda iye, ngakhale movutikira.

Tsiku losankha litafika, komiti idatenga Michigan, Washington, Texas ndi Alabama. Texas ndi Alabama adali atagonjapo kamodzi. Florida State, yosagonjayo, adaiika pa nambala 5, kunja kwa mpikisano. Komiti idati popanda Travis timuyo siinalinso yamphamvu ngati kale.

Anthu adagawikana pawiri. Ena adati komiti yachita bwino, chifukwa ntchito yake ndi kusankha matimu amphamvu koposa pa tsiku losankhalo. Ena adati kumeneko n'kulanda. Adafunsa kuti, ngati kupambana masewera onse sikukwanira, nanga anyamata amaseweriranji? Ndipo mungalange bwanji timu yonse chifukwa cha mwendo wa munthu mmodzi?

Zotsatira zake sizidathetse mkangano. Florida State idapita ku masewera ena otsekera chaka, koma osewera ake ambiri odalirika sadasewere nawo. Georgia idaithibula 63 kwa 3. Ogwirizana ndi komiti adati, "Mwaona?" Otsutsa adati, "Imeneyo sidalinso timu yomwe ija." Alabama nayo idagonja kwa Michigan, ndipo Michigan ndi imene idatenga chikho.

Apa pali mafunso awiri amene amaoneka ngati amodzi koma ndi osiyana. Loyamba: wamphamvu koposa ndani? Lachiwiri: woyenera mphotho ndani, potengera zimene wachita? Mkangano wonse wa kusanja matimu wagona pa mafunso awiriwa.

Dzina lakale limathandiza

Palinso china chimene muyenera kudziwa. Mndandanda woyamba wa atolankhani umatuluka mu Ogasiti, mpira usanayambe n'komwe. Amasanja potengera za chaka chatha, ndi mbiri ya osewera atsopano. Timu yotchuka imayambira pamwamba, ndipo ikamapambana imakhala pomwepo. Timu yosatchuka imayambira pansi, ndipo iyenera kukwera pang'onopang'ono.

Koma tsabola wakale sawawa. Mu 2007 Michigan idayamba nyengo ili pa nambala 5. Masewera ake oyamba idaitana kasukulu kotchedwa Appalachian State, ka m'gulu lotsikirapo, poganiza kuti ndi phala. Kasukuluko kadapambana 34 kwa 32, pa bwalo la Michigan lomwelo, anthu opitirira 100,000 akuona. Mndandanda wotsatira utatuluka, Michigan idalibemo m'matimu onse 25.

Matimu a m'magulu ang'onoang'ono ndiwo amavutika koposa. Mu 2017 timu ya UCF ya ku Florida sidagonjeko, koma komiti sidaiike ngakhale pafupi ndi malo anayi aja, ponena kuti inkakumana ndi ofooka. Eni ake adakwiya, mpaka adadzitcha okha akatswiri a dziko lonse.

Chifukwa chiyani amalimbirana chonchi?

Mwina mukuti, "Awa ndi masewera chabe." Koma kanambala kameneka kali ndi katundu. Timu ya pamwamba imaonetsedwa pa wailesi yakanema nthawi yabwino. Anyamata aluso omaliza sekondale amafuna kupita ku sukulu imene ili pamwamba. Kochi amene timu yake ikutsika angathe kuchotsedwa ntchito. Palinso ndalama. Mu 2024, timu iliyonse imene idalowa mu mpikisano wa chipulula idapezera gulu lake madola 4 miliyoni, ndipo ikapitirira ndalama zinkaonjezeka. Ndiponso mnyamata amasewera mpira wa pa koleji zaka zochepa chabe. Akamanidwa mwayi chaka chake chomaliza, sudzabweranso.

Kuyambira 2024 adakuza mpikisano kuti muzilowa matimu 12. Chaka chimenecho malo 5 adapita kwa akatswiri a magulu amene adali pamwamba pa mndandanda, ndipo malo 7 adapita kwa ena ochita bwino. Motero timu ya m'gulu laling'ono idapeza khomo lolowera. Chikho adatenga ndi Ohio State, imene idagonjapo kawiri ndipo idaikidwa pa malo a nambala 8. Idagonjetsa Notre Dame 34 kwa 23 mu Januwale 2025.

Kodi mkangano udatha? Ayi ndithu. Kale ankakangana za nambala 2 ndi 3. Kenaka za nambala 4 ndi 5. Tsopano amakangana za amene watsala pakhomo pa malo 12 aja. Paliponse pamene mwalemba mzere, wina amatsala kunja kwake.

Mukaona mndandanda, funsani

Anzanga, mindandanda siili mu mpira mokha. Mudzaiona m'nyuzipepala: sukulu zokhoza bwino, mbewu zobereka kwambiri, maiko olemera ndi osauka. Nambala yolembedwa imaoneka ngati siinama. Koma mwaona nokha kuti Njovu idatsika chifukwa cha munthu mmodzi, ndipo Florida State idatsala chifukwa cha mfundo imodzi. Choncho mukaona mndandanda uliwonse, funsani mafunso atatu. Wasanja ndani? Watsata njira yanji? Nanga onse adalemba mayeso amodzi?

Mafunso okambirana m'gulu lanu

1. Chifukwa chiyani matimu a m'makoleji ku America sangasanjidwe pongowonkhetsa mapointi ngati kwathu kuno?
2. Mtolankhani akaika timu pa nambala 5, imalandira mapointi angati? Nanga pa nambala 20?
3. Atolankhani atatu aika timu ina pa nambala 2, pa nambala 4 ndi pa nambala 7. Wonkhetsani mapointi ake.
4. Tchulani chaka chimodzi chimene kudali akatswiri awiri, ndipo lembani maina awo.
5. Mukadakhala m'komiti ya 2023, mukadasankha Florida State kapena Alabama? Lembani ziganizo zitatu zofotokoza chifukwa chake, ndipo muwerengere anzanu.